Malaya Amene Anasokera Greyson

Malayawo anali abuluu, aatali ofika m'mawondo, a kolala yoimirira ndi mabatani ansalu otsetserekera chakumbali. Bwana Khoa anandipatsa Lachisanu titatseka shopu, ali m'pepala lopyapyala lonunkha mankhwala a njenjete.

"Yesa, achimwene," anatero m'Chichewa chake chodukaduka. "Mawa ukwati. Iwe nyamula thireyi."

Khoa ndi wa ku Vietnam, amakonza mafoni pa msika wa Nsungwi, mu Area 25 ku Lilongwe. Mkulu wanga Greyson ndiye anayamba kugwira naye ntchito. Atamwalira, Khoa anaperekeza maliro mpaka kwathu ku Ntcheu, ndipo titabwerako anandikhazika ine pampando womwe unali wa malemuwo.

Ndinakavala kuseri kwa katani. Manja a malayawo anapitirira zala zanga, mapewa anagwa. Kenako china chinandikanda kukhosi. Nditavula ndinapeza kapepala komata ndi pini mkati mwa kolala, kolembedwa ndi bolopeni: GREYSON.

Ukwati wa Khoa ndi Lan unayenera kuchitika zaka pafupifupi zitatu zapitazo. Malaya a onyamula mphatso anasokedwa kwawoko nthawi imeneyo, potengera miyeso imene anatumiza. Mwadzidzidzi mayi a Lan anamwalira, ndipo kwawo mwana sakwatiwa nthawi yolira kholo isanathe. Malaya anadikira m'sutikesi. Greyson ndiye sanadikire.

Khoa ataona kapepalako nkhope inagwa.

"Pepa, Aleke. Ndinaiwala chotsa."

Anatambasula dzanja kuti akathothole.

"Kasiyeni, bwana," ndinatero. Chifukwa chake sindinachidziwe.

* * *

M'mawa wa Loweruka ndinabisa malayawo m'jumbo yakuda. Amayi anali kusesa pakhonde, mlongo wanga Jemima akutsuka makapu pampopi.

"Ndiye ukupitadi ku ukwati wa Matchaina akowo?"

"Si Matchaina, amayi."

"Kaya ndi ndani. Usakadye zinthu zosadziwika mutu wake." Anaimika tsache. "Mtsikana wa ku Mgona uja akakhalakonso?"

Chimwalirire Greyson, amayi sanatchulepo dzina la Tiwale. Awiriwo anali pachitomero, kutatsala miyezi iwiri kuti chinkhoswe chichitike. Tsiku la ngozi Tiwale ndiye anaimba foni kuti Greyson apite ku Mgona akaone nsalu imene anasankha. Greyson anakwera njinga yamoto ya kabaza, ndipo lole inawapeza pamphambano ya ku Kanengo. Kwa amayi nkhani yonse inathera pa foni imeneyo.

"Sindikudziwa, amayi," ndinayankha.

Jemima anandiyang'ana chammbali, sopo akuchucha m'manja. Ankadziwa kuti Tiwale amaluka tsitsi ku saluni ya Lan. Ankadziwanso kuti foni yanga ikalira ndimatuluka nayo kuseri kwa nyumba.

Zinayamba miyezi isanu yapitayo. Tiwale anabwera ku shopu ndi foni yosweka galasi, yokana kuyaka. Sanafune foniyo, ankafuna mawu amene Greyson ankamujambulira pa WhatsApp. Ndinalimbana nayo masiku atatu mpaka ndinawatulutsa onse. Tsiku lomupatsa ndinamuperekeza kukakwera minibasi, mawa lake chimodzimodzi, mpaka kuperekezako kunasanduka chizolowezi. Sindinamuuzepo kanthu. Ndinkamutchabe alamu. Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkandidya: ndikamalankhula, Tiwale ankatseka maso. Anthu onse amati mawu anga ndi a Greyson ndi amodzi.

Ndili pageti foni inanjenjemera. Unali uthenga wa Tiwale.

"Wadzuka? Akuti atsikana tivala zofiira. Ndikuoneka ngati tomato wa pa Nsungwi."

Ndinalemba zambiri, n'kufufuta. Ndinatumiza mawu awiri: "Ndikubwera, alamu."

Za malayawo sindinamuuze.

* * *

Nyumba ya abambo ake a Lan ili mu Area 25 momwemo, mumpanda wa njerwa wokhala ndi mtengo wa mapeyala. Anatiitanitsa m'mamawa kuti atiphunzitse mwambo. Anthu a ku Vietnam mu Lilongwe ndi ochepa, osakwatira ndiye ochepetsetsa, choncho pa anyamata asanu onyamula mphatso atatu tinali Amalawi. Atsikana ozilandira analinso asanu.

Nditatuluka m'chipinda chovalira, munthu woyamba kukumana naye anali Ian, wojambula zithunzi amene anamulemba ganyu. Anali mnzake wa Greyson wapamtima, ndipo chaka chino chonse galimoto yake yakhala ikuoneka ku Mgona kuposa kwawo ku Area 23.

Anabwerera m'mbuyo phazi limodzi, kenako anaseka.

"Aise, wandidula mtima. Ndimati akufa adzuka."

Ndinapinda manja a malayawo kawiri.

Tiwale anali ataima pansi pa mtengo ndi anzake, atavala diresi lofiira lalitali long'ambika m'mbali, mkati buluku loyera. Sanali ngati tomato. Atandiona kumwetulira kunazima. Sanayang'ane nkhope yanga. Anayang'ana kolala.

Woyendetsa mwambo anali azakhali a Lan, Mayi Huong, amene anachita kuchokera ku Vietnam. Anali wamfupi, wa mawu akuthwa, ndipo anatindandalika mizere iwiri moyang'anizana ngati pa asembule. Lan, tsitsi likadali m'mapini, ndiye ankamasulira. Iye anakulira ku Kawale, Chichewa chake n'cha mumsewu.

"Akuti mafunso ndi awiri basi. Loyamba: alipo wokwatira kapena wokwatiwa? Osanama, guys, azakhaliwa amanunkhiza."

Tonse tinaseka, n'kukana.

"Lachiwiri: alipo amene ali pamaliro? Wolira sagwira mphatso za ukwati. Akuti zimabweretsa mphepo yoipa m'banja latsopano."

Kuseka kunatha. Ndinakweza dzanja pang'ono, malaya n'kutsetsereka mpaka pachigongono.

"Achimwene anga. Chaka ndi miyezi iwiri."

Mayi Huong anawerenga pazala, n'kugwedeza mutu. Lan anati, "Kulira mbale wako ndi chaka chimodzi. Wadutsa, uli bho."

Apo Tiwale analankhula, maso ali pansi.

"Nanga wa chitomero ndi nthawi yaitali bwanji?"

Lan anamasulira motsitsa mawu. Azakhaliwo anafunsa ngati ukwati unachitika. Ayi. Anafunsa ngati makolo a mwamunayo anamulandira monga mpongozi. Tiwale anapukusa mutu. Ndiye anafunsa kuti kuno kwathu mwambo umati chiyani za munthu wotero.

Tinayang'anana tonse Amalawi. Aliyense ankadziwa za mkazi wamasiye: amakhala pambali pa bokosi, amametedwa, nthawi ikakwana abale a mwamuna amamusudzula kuti apite akayambe moyo wina. Koma za amene mwamuna wafa chinkhoswe chisanachitike, panalibe anadziwa.

"Kulibe mwambo wake," anatero mtsikana wina.

Mayi Huong anamuyang'ana Tiwale nthawi yaitali. Kenako anamugwira paphewa n'kumukankhira pamzere, moyang'anizana ndi ine.

"Akuti ngati palibe anakumanga, palibe angakuletse," Lan anatero. Kenako anagawa maenvelopu ang'onoang'ono ofiira, aliyense yake. "Izi ndiye zofunika. Ukanyamula thireyi ya ukwati wa mnzako, mwayi wako wa banja umapitira momwemo. Ndiye mukatula, mnyamata ndi mtsikana mumasinthana envelopu kuti mwayiwo ubwerere. Mukaiwala musadzandidandaulire mukadzakalamba muli mbeta."

* * *

Khoa amakhala m'nyumba ya lendi yaing'ono kutali, choncho gulu la mkwati linakayambira pakona, pafupi ndi chigayo. Thireyi iliyonse inali yozungulira, yovundikiridwa ndi nsalu yofiira ya mphonje zagolide. Ina inali ya tiyi, ina ya zipatso, ina ya mabotolo a mowa, ina ya mpunga wofiira womata. Yanga inali ya masamba obiriwira otafuna, oyalidwa ngati nthenga za nkhanga, amene akuti popanda iwo ukwati sungayambe. Inali yopepuka kuposa zonse.

Azimayi a pachigayo anasiya matumba awo n'kuyamba nthungululu. Wina anafuula kuti, "Amalawi enawo mwawagula zingati?" Anthu anaseka mpaka wogayitsa anazimitsa injini kuti aone nawo.

Ine sindinamve zambiri. Pini ija inkandikanda kukhosi pa sitepe iliyonse. Ndinkaganiza kuti msewu umenewu, dzuwa limeneli, thireyi imeneyi, zonse zinakonzedwera munthu wina. Akanayenda mutu uli m'mwamba, akanawayankha azimayi a pachigayo aja mpaka akanagwa ndi phwete. Ine ndinkangoyang'ana fumbi, kuopa kuponda m'mphepete mwa malaya.

Pageti atsikana anali atandandalika. Ndinaima pamaso pa Tiwale. Anaika manja ake pansi pa thireyi, zala zake zinakhudza zanga, zozizira ngati za munthu wochokera kumadzi. Tinalowa nayo limodzi, tinaitula patebulo.

Kenako onse anatulutsa maenvelopu. Kunali kuseka, wina kunamizira kukaniza, wina kuthawa nayo. Ndinatulutsa yanga n'kuitambasula ndi manja awiri monga anatiphunzitsira.

Tiwale anagwira yake pachifuwa.

"Sindingathe," ananong'ona, n'kutembenuka kulowa pakati pa anthu.

Ndinatsala dzanja lili m'malere. Kumanzere kwanga kamera ya Ian inalira kawiri.

* * *

Pabalaza anali atachotsa mipando yonse. Kukhoma kunali tebulo lalitali loyalidwa nsalu yofiira, pamwamba pake makandulo awiri aakulu, maluwa, zipatso zounjikidwa, ndi mbale yamkuwa yodzaza mchenga. Pakati panali zithunzi zitatu: agogo awiri, ndi mayi wa tsitsi lalifupi akuseka, kumbuyo kwake kukuoneka mtengo wa mapeyala womwe uja wa panja. Anali mayi a Lan.

Lan anatuluka atavala zofiira ndi chisoti chozungulira ngati mwezi, atagwiridwa dzanja ndi bambo ake, a Loc. Ndinkayembekeza kuti apita kwa mkwati. Sanatero. Anayamba apita kutebulo lija.

A Loc anayatsa timitengo ta lubani, anatigwira pamphumi, anawerama katatu, n'kutizika mumchenga. Anathira tiyi m'kakapu n'kukaika patsogolo pa chithunzi cha mkazi wawo. Kenako anayamba kulankhula.

Ku Sande sukulu anatiphunzitsa kuti akufa sadziwa kanthu bi, ndipo ndinamva mawu a amayi m'mutu mwanga akundiuza kuti nditulukemo. Koma bamboyo sankapemphera. Ankalankhula ngati munthu amene wabwera kuchokera kumsika ndipo akufotokozera mkazi wake zimene waona. Pena anaseka pang'ono. Pena mawu anamuthera, anadikira, n'kupitiriza.

Ndinafunsa mnyamata wa ku Vietnam amene anaima pambali panga, m'Chingerezi changa cha Fomu 4, kuti akuti chiyani.

"Akuwauza kuti mwana akupita lero," anayankha monong'ona. "Akuti tadikira monga kunayenera. Mnyamatayo ukumudziwa, ndi yemwe uja unkati ndi woonda. Wanenepako. Usadabwe ukaona chipinda chake chili chopanda munthu."

"Ndiye akupempha chilolezo?"

Anaganiza kaye. "Ayi. Kungowauza. Si bwino kuti amve kwa anthu ena."

Utsi wa lubani unakwera mowongoka, kenako unapindika n'kubwera mbali yathu, ngakhale mazenera anali otseka. Unandilowa m'malaya. Tsidya lina la chipinda ndinaona Tiwale ataima kukhoma, misozi ikutsika osaipukuta. Maso ake sanali pa mkwatibwi, sanalinso pa ine. Anali pa kakapu ka tiyi kaja.

* * *

Chakudya chinali panja, pansi pa tenti. Amalawi tinasowa pogwira. Panalibe wofuula pa maikolofoni, panalibe perekaniperekani, panalibe kuvina kopita kutsogolo ndi kubwerera. Akwati ankangoyenda tebulo ndi tebulo, anthu n'kuimirira ndi matambula, kuwerenga mpaka katatu m'chinenero chawo, kufuula kamodzi, n'kumwa. Mayi wina wa ku saluni anafunsa mokweza ngati ukwatiwo wayamba kale kapena tikudikirabe.

Ndinali kulimbana ndi timitengo todyera pamene Ian anakoka mpando n'kukhala pafupi nane. Anandionetsa kagalasi ka kamera yake. Ndinali ine, dzanja lili m'malere, envelopu yofiira, Tiwale atapereka nsana.

"Chithunzi cha chaka," anatero. "Ukufuna ndikuchapire chachikulu?"

"Chifufuteni."

"Ndikuuze ngati mkulu wako, mphwanga. Mkazi akataya orijino safuna fotokope. Akakuona amakumbuka maliro. Wavala malaya ake, wakhala pampando wake kuntchito, ndiye ukufunanso ndi mkazi yemwe? Siyako zina." Anatola chidutswa cha nkhumba m'mbale yanga n'kuponya m'kamwa. "Ndimutenga ine pobwerera. Ku Mgona fumbi, diresi lija lingade."

Greyson akanamuyankha mawu amodzi okha, tebulo lonse likanaseka, Ian akanachoka. Ine ndinangoyang'ana mpunga wofiira. Choipa n'chakuti zimene ananenazo ndinali nditadziuza kale ndekha, kambirimbiri.

Foni inanjenjemera m'thumba.

"Kuseri, pa thanki ya madzi."

* * *

Tiwale anali atakhala pa njerwa zotsala pomanga, nsapato atavula. Phokoso la ku tenti linkamveka ngati la mudzi wina.

"Alamu," ndinayamba.

"Dzina limenelo lithere pageti paja. Sindinakhalepo mlamu wako. Ndi zimene amayi ako anandiuza ku Ntcheu." Anasuntha kuti ndikhale. "Ukukumbuka pomwe ndinakhala pa maliro?"

Ndinkakumbuka. Kunja kwa nyumba ya siwa, pansi pa nkhokwe, pamodzi ndi anthu ongodzapepesa.

"Nditafuna kulowa anati muno ndi mwa abale. Kumanda ndinaima kumbuyo, bokosi sindinalione likutsika. Nkhata yanga anaika ndi Jemima. Ndiye ndinabwerera ku Mgona, anthu n'kumati uli ndi mwayi, ukadali mtsikana. Koma ine ndikagona ndimalota ndikumudikira ndi nsalu ija, ndipo akubwerabe. Palibe anamuuza kuti asiye kubwera. Palibenso anandiuza ine kuti ndisiye kudikira."

Ndinapinda manja a malaya amene anali atamasukanso.

"Ndikanakuuzani za malayawa. Ndinaopa kuti simubwera."

"Ndinawadziwa. Miyeso yake ndinamuyeza ndine, ndi tepi ya ku saluni." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mphamvu. "Mutatulukira pakona paja ndinaona iyeyo, Aleke. Sindikunama. Masitepe atatu, anayi, anali iyeyo. Kenako unayang'ana pansi ngati wataya ndalama, ndiye ndinati, aa, ndi Aleke uyu. Greyson sankayang'ana pansi."

"Pepani."

"Ukupepesa chiyani? Ndinasangalala kuti ndiwe. N'chimene chinandiopsa. Ndinaima pamenepo, malaya ake ali patsogolo panga, ine n'kumathokoza kuti mkatimo muli munthu wina. Ndiye ndikanakupatsa bwanji envelopu iye akuona?"

Funso limene ndinalisunga miyezi isanu linatuluka lokha.

"Nanga bwanji mumatseka maso ndikamalankhula?"

Anandiyang'ana, nkhope yanga yeniyeni, koyamba tsiku limenelo.

"Unaona?"

"Ndimaona zonse. Kulankhula ndiye kumandivuta."

"Poyamba ndinkatseka kuti ndimve iyeyo. Ndikuvomera. Masiku ano ndimatseka kuti ndione ngati akadalimo." Anapukusa mutu. "Mulibe. Iye ankalankhula ngati wailesi. Iwe mawu amodzi, kenako kudikira mpaka minibasi idzaze."

Anatola envelopu yake pamiyendo, anaitsegula, n'kuvula kachingwe kamene kanali m'khosi mwake, kobisika mkati mwa diresi. Pakachingwepo panali mphete yopyapyala, yodyeka mbali imodzi. Ndinaidziwa. Inali ya ukwati wa amayi. Itasiya kuwalowa chala anaipereka kwa Greyson kuti akatomerere.

Anaiponya mu envelopu n'kupinda pakamwa pake.

"Wamva zimene achita bambo a Lan. Sanapemphe, angowauza malemu akazi awo. Inenso ndikufuna ndikamuuze Greyson ndekha, asamve kwa anthu. Jemima akuti mwezi wamawa mukukavundukula chiliza."

"Pa 16."

"Unditenge. Ndikaime kutsogolo, osati kunkhokwe. Ndikamubwezere mphete yake pamanda pomwepo, ndimuuze kuti ndadikira mokwanira, ndipo mnyamatayo akumudziwa." Anandipatsa envelopuyo ndi manja awiri. "Sunga ndiwe. Ikakhala ndi ine ndimaivalanso. Tikakachoka kumeneko udzandifunse chimene wakhala ukulephera kufunsachi. Usanatero ayi."

"Amayi sangalole."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndapempha iwe, osati Ian. Iye akanangonditengera pagalimoto n'kukandiimika kumanda ngati katundu. Ine ndikufuna ndikalowe pakhomo."

Ndinatulutsa envelopu yanga, yokwinyika ndi thukuta. Anailandira.

"Basi, sitifanso mbeta," anatero, akupukuta m'maso.

Titatembenuka, Ian anali ataima pakona ya nyumba, makiyi a galimoto akuzungulira pachala. Sindikudziwa kuti anafika nthawi yanji.

"Tiwale, ndikunyamuka."

"Pitani bwino, a Ian. Ndikwera minibasi."

Anatiyang'ana tonse awiri, anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva mtengo wa chinthu, n'kuchoka.

* * *

Khoa anakana kulandira malaya aja. "Ako," anatero. "Kumbukira." Ndinawapinda, envelopu ndinailowetsa pakati pake, zonse m'jumbo yakuda ija.

Ndinafika kunyumba dzuwa likadali pamwamba pa madenga. Amayi anali atakhala pamkeka pakhonde, foni ya Jemima ili m'manja. Jemima anaima pakhomo, ndipo atandiona anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"A Ian atumiza zithunzi," anatero. "Ndinatsegula amayi ali pompa."

Ndinakonzeka kukalipiridwa. Ndinali nditakonza ndi mawu omwe owauzira za Tiwale, njira yonse kuchokera pa siteji ya minibasi. Koma amayi atadzutsa mutu, m'maso mwawo munalibe mkwiyo. Anatembenuza foniyo. Sichinali chithunzi cha dzanja m'malere chija. Chinali cha pageti: ine ndi Tiwale titagwira thireyi imodzi, iye zofiira, ine zabuluu, maluwa kumbuyo, ngati ukwatiwo ndi wathu. Anachijambula chammbali, nkhope yanga itatembenukira kwina.

"Ndinaona mwana wanga," amayi anatero. "Ndinati wapita kukakwatira osandiuza."

"Ndine, amayi."

"Ndikudziwa kuti ndiwe." Anayang'ana jumbo. "Ali m'menemo?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Vala."

"Amayi..."

"Ndati vala. Ankandiuza za malaya amenewa, ankati ndidzaoneka ngati mfumu ya kunja. Sindinamuone atavala."

Anandilanda jumboyo, anatulutsa malaya n'kuwakutumula. Fungo la lubani linadzaza pakhonde. Envelopu inagwera pasimenti, pakamwa pake panatseguka, ndipo mphete inagubuduka, inazungulira kawiri, n'kukagona pafupi ndi phazi lawo.

Kwa aneba wailesi inkalengeza za mpira.

Amayi anawerama n'kuitola. Anaitembenuza, anapeza mbali yodyeka ija, anaisisita ndi chala chachikulu.

"Wabweza yekha?"

"Sanabweze kwa inu, amayi. Akufuna akaisiye kumanda, pa 16. Akufuna akalankhule naye."

"Analankhula naye kale. Pa foni." Mawu awo anali ofatsa, ndipo kufatsako kunandiopsa kuposa kukalipa. "Mwana mmodzi anamuitana, anapita. Wachiwiriyu ndiye ayi. Kumanda kwa abale anga sakapondako, ndipo iwe ukabwera naye, udzakhale komweko ku Mgona."

Anakoka nsonga ya chitenje chawo, anaika mphete ija, anamanga mfundo, n'kuimanganso kachiwiri, n'kuilowetsa m'chiuno.

"Yabwerera kwawo," anatero. Kenako ananditambasulira malaya aja, kapepala ka dzina kakulendewera pa kolala. "Tsopano vala, ndimuone."

Ndinavala. Manja anapitirira zala zanga. Amayi anandikhazika pamkeka pambali pawo, anagwira nsalu yotsalayo pamene panalibe dzanja langa, n'kutseka maso.

"Lankhula," anatero. "Chilichonse."

M'thumba la buluku foni inanjenjemera. Jemima anandiyang'ana. Ndinaitulutsa ndi dzanja linalo, pansi pa malaya, n'kuwerenga.

"Ndafika bwino. Koyamba khosi langa lapepuka. Waisunga pabwino?"